Tsiku lolembetsa lien likadutsa ku California: womanga yemwe sanalipidwe watsala ndi chiyani?

Ku America, kampani yomanga kapena mmisiri akagwira ntchito pa nyumba ya munthu koma osalipidwa, lamulo limamulola kulembetsa ngongoleyo pa malo omwewo, ndipo khothi likhoza kulamula kuti malowo agulitsidwe kuti iye alandire zake. Mphamvu imeneyi amaitcha mechanic's lien. Vuto lake n'loti ili ndi masiku owerengeka, ndipo ambiri amadzidzimuka masikuwo atatha kale, chifukwa nthawi yonseyo amakhala akumvera malonjezo oti cheke chituluka sabata yamawa. Ena akangouzidwa kuti tsiku ladutsa amagwa ulesi n'kuzisiya ndalamazo. Kumeneko n'kutaya thukuta lawo popanda chifukwa, pakuti chomwe chatayika ndi chikole chokha. Ngongole ikadalipo, ndipo njira zoitolera zilipo zingapo, ngakhale kuti zambiri n'zochedwa komanso zodula kuposa lien.

Steti iliyonse ya America ili ndi lamulo lakelake pa nkhaniyi. Apa tatenga California, ndipo masiku ndi ndalama zomwe zatchulidwa n'za kumeneko. Wogwira ntchito ku Texas kapena ku Florida asazitenge ngati zake.

## Lien ndi chikole, ngongole ndi nkhani ina

Taganizirani munthu amene wabwereka ndalama kwa inu n'kusiya njinga yake ngati pinyolo. Njingayo ikabwerera kwa mwini wake inu musanalipidwe, ngongole sinathe. Chasintha n'choti mulibenso chogwira m'manja. Lien imagwira ntchito ya njinga ija, kungoti womanga satenga kanthu kupita nako kwawo. Amalemba chikalata chonena ndalama zomwe akufuna, ntchito yomwe anagwira, amene anamulemba ntchitoyo komanso malo ake, n'kukachilembetsa ku ofesi ya county recorder m'kaunti momwe muli malowo. Kuyambira pamenepo wofuna kugula malowo, kapena banki yofuna kubwereketsa ndalama pa malowo, amaona kuti pali ngongole, ndipo kawirikawiri malonda amaima mpaka nkhaniyo itatha.

Lamulo loyamba la mtundu umenewu linakhazikitsidwa ku Maryland mu 1791, pomwe ankakonzekera kumanga mzinda wa Washington. Thomas Jefferson ndi James Madison anali m'gulu la omwe analilimbikitsa, pofuna kuti amisiri asaope kugwira ntchito asanalandire ndalama. Mawu oti mechanic apa sakunena makaniko wa galimoto. Kalelo ankatanthauza munthu aliyense wa ntchito yamanja. California inaika ufuluwu m'lamulo lalikulu la steti mu 1879, ndipo lero uli mu Article XIV, ndime 3. Tsatanetsatane wake ali mu Civil Code kuyambira ndime 8000, monga momwe anaisanjiranso pa 1 Julayi 2012.

Masiku ake ndi ochepa chifukwa lien ikhoza kugwera munthu wosalakwa. Mwini nyumba akhoza kulipira kontrakitala wamkulu ndalama zonse, kontrakitalayo osalipira woika matailosi, woika matailosi n'kulembetsa lien pa nyumbayo. Zikatero mwini nyumba amalipira kawiri. Aphungu anapereka mphamvu yaikuluyi, koma anaiikira malire a nthawi kuti eni malo ndi mabanki adziwe tsiku lomwe angapume.

Tsikulo likadutsa pamatayika zinthu zitatu. Choyamba ndi ufulu wogulitsitsa malowo. Chachiwiri ndi malo a patsogolo pa mzere wa ofuna ndalama: lien ya ku California imawerengedwa kuyambira tsiku lomwe ntchito yomanga inayamba, choncho imapambana ngongole zambiri zomwe zinalembetsedwa pa malowo ntchito ili m'kati. Chachitatu, chomwe chimapweteka kwambiri makontrakitala aang'ono ndi ogulitsa zipangizo, ndi njira yofikira mwini malo yemwe sanasainirane naye kanthu. Koma ndime 8468 ya Civil Code imanena mosabisa kuti ufulu wosumira munthu amene ali ndi ngongoleyo sukhudzidwa.

Omwe amagwira ntchito yomanga ku South Africa asasokoneze zinthuzi ndi builder's lien ya kumeneko. Iyo imadalira kuti womanga akadali pamalopo, ndipo akangopereka makiyi n'kuchoka, mphamvu yake yatha. Ku England kulibe lien yotereyi. Lamulo la 1996 linabweretsa adjudication, njira yomwe munthu woima pakati amagamula mkangano wa malipiro m'masiku 28.

## Kodi tsikulo ladutsadi?

Funso ili liyenera kuyankhidwa kalendala ili patsogolo, chifukwa ambiri amene amaganiza kuti achedwa amakhala asanachedwe.

Cholakwika chofala n'kuwerengera kuyambira tsiku lomwe munthu anamaliza gawo lake. Ku California masiku amayamba kuwerengedwa ntchito yonse yomanga ikatha. Wothira maziko akhoza kuchoka pamalo mu Januwale, nyumbayo n'kudzatha mu Novembala, ndipo masiku ake 90 olembetsera lien amayambira mu Novembala momwemo. Zili ngati maliro: anthu sawerengera masiku a sadaka kuyambira pomwe aliyense anatsanzika, amawerengera kuyambira tsiku limodzi la onse.

Ndime 8180 imati ntchito yatha chimodzi mwa izi chikachitika: ntchito yathadi, mwini malo walowa kapena wayamba kugwiritsa ntchito nyumbayo ndipo antchito asiya, ntchito yaima masiku 60 otsatizana, kapena ntchito yaima masiku 30 ndipo mwini malo walembetsa chikalata chotchedwa notice of cessation. Kuchokera apo, aliyense ali ndi masiku 90, pokhapokha mwini malo atalembetsa chikalata chofupikitsa nthawiyi.

Mwini malo akhoza kufupikitsa nthawiyi polembetsa notice of cessation ija kapena notice of completion, chikalata chonena kuti ntchito yatha. Akatero kontrakitala wamkulu amatsala ndi masiku 60, ena onse masiku 30 okha. Tiyerekeze kuti nyumba inatha pa 1 Marichi. Popanda chikalatacho, malire ndi 30 Meyi. Chikalembetsedwa pa 10 Marichi, malire a kontrakitala wamng'ono ndi 9 Epulo, a wamkulu ndi 9 Meyi. Apa ndi pomwe anthu ambiri amagwera.

Koma notice of completion ili ndi malamulo akenso, ndipo eni malo amawaphonya. Chikalatachi chiyenera kulembetsedwa pasanathe masiku 15 ntchito itatha. Ndiponso pasanathe masiku 10 chitalembetsedwa, mwini malo ayenera kutumiza kope kwa kontrakitala wamkulu ndi kwa aliyense amene anamutumizira preliminary notice, kalata yomudziwitsa kuti akugwira ntchito pamalopo. Akapanda kutero, chikalatacho sichifupikitsa nthawi ya munthu amene sanadziwitsidweyo, ndipo masiku 90 amabwerera. Lamulo lotumiza kopeli silikhudza munthu amene akukhala yekha m'nyumbayo ngati kwawo, bola nyumbayo isapitirire zigawo zinayi zokhalamo mabanja. Choncho chinthu choyamba n'kupita ku ofesi ya county recorder, kapena kufufuza pa intaneti ngati kauntiyo imalola, kukaona ngati chikalatacho chilipo, deti lake, ndi ngati malo analembedwa molondola.

Palinso masiku ena awiri omwe anthu amawasokoneza ndi tsiku la lien.

Loyamba ndi la preliminary notice, kalata yodziwitsa mwini malo, kontrakitala wamkulu ndi banki yomwe yapereka ngongole yomangira kuti inu mukugwira ntchito pamalopo. Iyenera kutumizidwa pasanathe masiku 20 mutayamba. Ikachedwa siifa yonse: imateteza ntchito ya masiku 20 apitawo ndi yonse ya m'tsogolo. Ngati mukadali pamalo, itumizeni lero lomwe. Antchito olipidwa pa ola kapena pa tsiku safunika kuitumiza, ndipo amene anapangana mwachindunji ndi mwini malo amangoitumiza ku banki.

Lachiwiri limabwera lien italembetsedwa kale. Mwini lien ayenera kukasuma ku khothi pasanathe masiku 90, apo ayi lien imafa yokha. Ikafa choncho koma nthawi yolembetsa ikadalipo, mwachitsanzo chifukwa ntchito yonse sinathe, makhothi a ku California akhala akulola kulembetsa ina yatsopano pa ngongole yomweyo. Ikafa ndipo nthawi yatha, ichotseni. Mwini malo akakupemphani kuti muichotse inu n'kukana, pakapita masiku 10 akhoza kupita ku khothi, ndipo akawina mumalipira loya wake.

Pali chiyeso chomwe chimabwera kwa aliyense amene wachedwa: kubwerera pamalo kukamanga kabawuti kamodzi kuti masiku ayambirenso, kapena kungolembetsa lien mochedwa momwemo kuti mwini malo achite mantha. Zonse ziwiri n'zosathandiza. Kukonza kanthu kakang'ono ntchito itatha kale kawirikawiri sikusuntha tsiku, ndipo lien yochedwa loya wa mbali inayo amaiona nthawi yomweyo. Chimatsala ndi mbiri yoipa pamaso pa woweruza yemwe mudzamufune pa mlandu weniweni.

Stop payment notice, kalata yolamula mwini malo kapena banki kuti igwire ndalama zomwe sizinaperekedwe, imatha tsiku limodzi ndi lien pa ntchito zomwe si za boma. Amene wachedwa pa lien wachedwanso pa iyo.

## Mlandu wa kontrakiti

Iyi ndiyo njira yaikulu yotsala. Munagwirizana, munagwira ntchito, sanalipire: mumasumira amene munagwirizana naye. Nthawi yake ndi yotakasuka. Kontrakiti yolembedwa ili ndi zaka 4 kuchokera pomwe inaphwanyidwa, ya pakamwa zaka 2. Ogulitsa zipangizo pa akaunti, omwe amalemba m'buku katundu aliyense wotuluka ndi ndalama zolowa, nawonso ali ndi zaka 4.

Musanalembe kalata iliyonse, werengani kontrakitiyo mpaka kumapeto. Makontrakiti ambiri a zomanga amalamula kuti mkangano upite kaye ku mediation, komwe mkhalapakati amayanjanitsa mbali ziwirizo, kapena ku arbitration, komwe mkhalapakati amagamula kunja kwa khothi, ena amafuna kuti dandaulo la ntchito yowonjezera lilembedwe pasanathe masiku angapo. Onaninso ngati muli ndime ya malipiro a loya. Ku America aliyense amalipira loya wake pokhapokha kontrakiti kapena lamulo litanena zina. Ku California ndime 1717 ya Civil Code imati ngati kontrakiti ikupereka ufuluwu kwa mbali imodzi, mbali inayo ilinso nawo.

Kukula kwa ngongole ndi komwe kumasankha khothi. Kuyambira 1 Januwale 2024, khothi la milandu ing'onoing'ono la small claims limamva milandu yofika $12,500 ngati wodandaula ndi munthu payekha, ndi $6,250 ngati ndi kampani. Maloya saimirira anthu kumeneko, ndipo mlandu umatha msanga. Amene ngongole yake yapitirira pang'ono akhoza kusiya zapamwambazo kuti alowe m'khothi limeneli, koma zomwe wasiyazo sadzazifunanso.

Umboni womwe umawinitsa milandu yotere ndi wa tsiku ndi tsiku: kontrakiti, mainvoisi, mapepala a ntchito yowonjezera osainidwa, malipoti a tsiku lililonse, malisiti olandirira katundu pamalo, zithunzi zokhala ndi madeti, ndi mauthenga a pafoni pomwe winayo akuvomera kuti ngongole ilipo. Pomwe milandu yambiri imaterereka ndi pa ntchito yowonjezera yomwe kapitawo anangolamula pakamwa.

Pamwamba pa ngongole pali chindapusa cha kuchedwetsa malipiro. Ngati sanagwirizane zina polemba, mwini malo ayenera kulipira kontrakitala wamkulu pasanathe masiku 30 atafunsidwa, ndipo kontrakitala wamkulu ayenera kupereka gawo la wamng'ono pasanathe masiku 7 atalandira. Ndalama za retention, zomwe zimasungidwa mpaka ntchito itatha, mwini malo azitulutse pasanathe masiku 45, ndipo wamkulu apereke za wamng'ono pasanathe masiku 10 atazilandira. Wogwira ndalama popanda chifukwa amalipira 2 peresenti pa mwezi: pa ngongole ya $40,000 ndiye $800 mwezi uliwonse. Wowina mlandu wa chindapusawu amalipiriridwanso loya, kutanthauza kuti woluza, ngakhale atakhala wodandaula, amasenza bilu ya mnzake. Pakakhala mkangano weniweni, wolipira amaloledwa kugwira mpaka 150 peresenti ya ndalama zomwe akukanganiranazo. Mu 2018, pa mlandu wa United Riggers & Erectors ndi Coast Iron & Steel, khothi lalikulu la California linati kontrakitala wamkulu sangagwire retention chifukwa cha mkangano wina wosakhudzana ndi ndalamazo.

Khothi likhozanso kukupezerani chikole china. Mlandu uli m'kati, wodandaula akhoza kupempha writ of attachment, lamulo logwiriratu katundu kapena akaunti ya ku banki ya wosumiridwayo. Zimatheka ngati ngongole ikuchokera pa kontrakiti, kuchuluka kwake n'kodziwika bwino ndipo ndi $500 kapena kuposa. Ngati wosumiridwa ndi munthu payekha, ngongoleyo iyenera kukhala ya bizinesi yake, choncho njirayi siigwira pa munthu amene amangokonzetsa nyumba yake yogona. Mlandu ukatha, wowina amalembetsa abstract of judgment, chikalata cha chidule cha chigamulo, m'kaunti iliyonse momwe woluzayo ali ndi malo, ndipo chigamulocho chimasanduka lien pa malowo. Chigamulo chimakhala zaka 10, chikhoza kuwonjezeredwa, ndipo pa ngongole za bizinesi chimabereka chiwongoladzanja cha 10 peresenti pa chaka. Kusiyana kwake ndi mechanic's lien n'koti iyi imaima pa mzere kuyambira tsiku lomwe yalembetsedwa, kumbuyo kwa banki ndi ena onse amene anafika kale. Ndiponso imagwira malo a woluza mlandu yekha. Ngati munasumira kontrakitala wamkulu, nyumba yomwe munamanga ija siikhudzidwa.

## Pomwe palibe pangano lomveka

Quantum meruit ndi mawu a Chilatini otanthauza kuti monga momwe wayenerera. Mfundoyi inachokera m'makhothi akale a ku England: munthu akakupemphani ntchito, inu n'kuigwira, iye n'kuilandira, ayenera kulipira mtengo woyenera ngakhale simunatchule mtengo. N'chimodzimodzi ndi waganyu amene wauzidwa kuti alime ndime, mtengo akambirana madzulo. Kusatchula mtengo sikusandutsa ganyuyo kukhala thandizo laulere. Ku California nthawi yake ndi zaka 2, ndipo imathandiza kwambiri pa ntchito yowonjezera yomwe kontrakiti sinaitchule.

Funso lovuta ndi la kontrakitala wamng'ono amene akufuna kudumpha wamkulu n'kusumira mwini malo, ponena kuti mwini malo wapindula ndi ntchito yomwe sinalipidwe. Makhothi a ku California kawirikawiri amakana. Maganizo awo ndi oti wamng'onoyo anakhulupirira wamkulu, ndipo njira yomwe aphungu anamupatsa yofikira mwini malo inali lien. Zimasintha ngati mwini malo analamula yekha ntchitoyo kapena analonjeza kuti alipira. Uthenga umodzi wa mwini malo woti "pitirizani, ndikulipirani ine" ukhoza kukhala ndi mtengo woposa mainvoisi onse.

## Bondi ya malipiro

Payment bond ndi lonjezo la kampani ina, nthawi zambiri ya inshulansi, loti kontrakitala wamkulu akalephera kulipira omwe ali pansi pake, iyo ilipira. Ili ngati mboni ya ngongole ku banki m'khonde, amene amavomera kuti mnzake akathawa abweza ndi iye.

Bondi inabadwa chifukwa malo a boma salembetsedwa lien, pakuti palibe angagulitse sukulu ya boma kapena msewu. Boma lalikulu la America linayamba kufuna mabondi ndi Heard Act ya 1894, yomwe inalowedwa m'malo ndi Miller Act mu 1935. Pa ntchito za boma lalikulu, mlandu wa bondi uyenera kuyamba pasanathe chaka chimodzi kuchokera tsiku lomwe wodandaula anagwira ntchito kapena kupereka katundu komaliza. Taonani kuti apa akuwerengera tsiku lanu, mosiyana ndi lien ya ku California. Amene anapangana ndi kontrakitala wamng'ono ayeneranso kulembera wamkulu pasanathe masiku 90 kuchokera tsiku lomwelo. Amene ali pansi kuposa pamenepo Miller Act siwateteza.

Pa ntchito za steti, za kaunti, za mzinda kapena za masukulu a boma ku California, bondi imafunika kontrakiti ikaposa $25,000. Nthawi yosumira kampani ya bondi ndi miyezi 6 kuchokera pomwe nthawi ya stop payment notice yathera.

Pa ntchito zomwe si za boma bondi siipezeka paliponse, koma pa nyumba zikuluzikulu eni malo ndi mabanki amaifuna kawirikawiri. Ngati inalembetsedwa ntchito isanayambe, mlandu uyenera kuyamba pasanathe miyezi 6 ntchito itatha. Ndiye kuti munthu amene waphonya masiku 90 a lien akhoza kukhala ndi miyezi ina itatu pa bondi, bola ngati anatumiza preliminary notice. Amene sanaitumize ali ndi mpata wochepa wodziwitsa kampani ya bondi ndi kontrakitala wamkulu: masiku 15 notice of completion italembetsedwa, kapena masiku 75 ntchito itatha ngati chikalatacho palibe, ndipo mpatawu uli ndi zoletsa zake. Pemphani kope la bondi polemba kalata, kwa mwini malo, kwa kontrakitala wamkulu kapena ku ofesi ya boma yomwe inapereka ntchito. Makontrakitala aang'ono ambiri amamaliza ntchito osadziwa n'komwe kuti bondi inalipo.

## Laisensi

Ku California makontrakitala amalembetsedwa ndi Contractors State License Board, ndipo laisensi ndi lupanga lakuthwa konsekonse.

Kontrakitala amene amakana dala kulipira zipangizo kapena ntchito pomwe ndalama ali nazo akhoza kulangidwa ndi bungweli. Chofunika kwambiri n'choti chigamulo cha khothi chokhudza ntchito yomanga chikakhala chosalipidwa, laisensi yake ikhoza kuimitsidwa. Kwa kampani yomwe ikufuna kupitiriza bizinesi, chiopsezo chimenechi chimalemera kuposa lien pa nyumba ya munthu wina. Kontrakitala aliyense amakhalanso ndi bondi ya laisensi, yomwe inakwera kufika $25,000 pa 1 Januwale 2023. Musaiyembekezere kwambiri: gawo lalikulu n'losungira eni nyumba, ndipo ena onse pamodzi sangatengepo zoposa $7,500.

Mbali ina ya lupangalo ndi ndime 7031 ya Business and Professions Code. Munthu amene wagwira ntchito yofuna laisensi alibe laisensi sangasume kuti alipidwe, kaya kudzera mu lien, kontrakiti kapena quantum meruit, ngakhale ntchitoyo itakhala yabwino chotani. Khothi lalikulu la steti linatsimikiza kukhwima kwa lamuloli mu 1991 pa mlandu wa Hydrotech Systems ndi Oasis Waterpark. Choopsa china n'choti amene analipira akhoza kufuna kuti ndalama zonse zomwe anapereka zibwezedwe. Laisensi yomwe inatha mphamvu ntchito ili m'kati ikhoza kubweretsa vuto lomweli, choncho ionetsetseni musanasumire aliyense.

Wantchito wamba sakhudzidwa ndi zimenezi. Amene analembedwa ntchito pa ola kapena pa tsiku amakadandaula kwa Labor Commissioner, ofesi ya boma yoona za antchito, popanda kulipira kanthu, ndipo malamulo a malipiro a ku California amateteza wantchito posayang'ana mapepala ake okhalira m'dziko. Pa makontrakiti omwe anasainidwa kuyambira 1 Januwale 2018, kontrakitala wamkulu akhoza kufunsidwa malipiro omwe wamng'ono sanapereke kwa antchito ake.

## Kupangana mwatsopano

Milandu imadya miyezi ndi ndalama, ndipo ngongole zambiri zimatha pokambirana. Kalata yofuna malipiro ikhale ndi ndalama zenizeni, mainvoisi, chindapusa chowerengeredwa, tsiku lomwe mukufuna yankho ndi chomwe mudzachite tsikulo likadutsa. Winayo akapempha kulipira pang'onopang'ono, mpata wopeza chikole chatsopano ndi umenewo: chikalata chovomera ngongole chosainidwa, lonjezo la mwini kampani loti adzalipira kuchokera m'thumba mwake, kapena pangano loti mwini malo azilemba cheke m'maina awiri, la kontrakitala wamkulu ndi lanu. Kuvomera ngongole polemba ndi kusaina kumayambitsanso nthawi yosumira.

Chenjerani ndi mapepala omasula ufulu. California ili ndi mafomu anayi okhazikitsidwa ndi lamulo, awiri a malipiro a m'kati mwa ntchito ndi awiri a malipiro omaliza. Pa awiri aliwonse, ina ndi conditional, yomwe imagwira ntchito ndalama zikalowadi, ina ndi unconditional, yomwe imagwira ntchito mukangosaina. Mafomuwa amamasula lien, stop payment notice ndi bondi pamodzi. Munthu amene lien yake yafa kale akhoza kuganiza kuti palibe chomwe akutaya, n'kusaina unconditional cheke chisanalowe, osadziwa kuti wataya bondi yomwe inali itatsala.

Wangongole akalengeza ku khothi kuti wagwa, zonse zimaima nthawi yomweyo: mafoni, makalata, milandu. Wopanda lien amalowa m'gulu la opanda chikole, omwe amagawana zotsala, ndipo ayenera kupereka proof of claim, chikalata chosonyeza ngongole yake, lisanadutse tsiku lomwe khothi lalemba. Ndalama zomwe analandira m'masiku 90 kampaniyo isanagwe zikhoza kuitanitsidwanso. Koma kampani ya bondi imakhalabe ndi udindo wolipira ngakhale kontrakitala atagwa.

## Zomwe sizinathe kukambidwa

Malire pakati pa kumaliza ntchito ndi kukonza zolakwika sanalembedwe m'lamulo. Kuika zitseko zomwe kontrakiti inatchula koma zinachedwa kufika kukhoza kusuntha tsiku lomwe ntchito inathera, pomwe kubwerera kukatseka pothonya patapita miyezi sikungatero. Pakati pa ziwirizi pali ntchito zambiri zomwe woweruza amaziona mlandu ndi mlandu.

Makontrakiti ambiri amati wamng'ono adzalipidwa wamkulu akalipidwa. Mu 1997, pa mlandu wa Wm. R. Clarke ndi Safeco, khothi lalikulu la California linakana ndime yoti mwini malo akapanda kulipira ndiye kuti wamng'ono salipidwa konse. Mu 2020, pa mlandu wa Crosno Construction ndi Travelers, khothi la apilo linakananso kuti kampani ya bondi idikiritse wamng'ono mpaka mlandu wa wamkulu ndi mwini ntchito utatha. Kudikira kwa nthawi yoyenera n'kololedwa, koma palibe anatchula kuti nthawi yoyenerayo ndi masiku angati.

Masteti amasiyananso pa nkhani ya mwini malo amene sanalipire aliyense. Ku Florida makhothi amalola kontrakitala wamng'ono kumusumira ngati zatsimikizika kuti sanapereke ndalama kwa wina aliyense pa ntchitoyo. Ena amati kulola zimenezi kumachotsa tanthauzo la masiku a lien, ena amati munthu sayenera kukhala m'nyumba yomwe sanalipire chifukwa choti mmisiri anachedwa ndi pepala.

Palinso mkangano wa masiku 30 aja. Eni malo ndi mabanki amati amafunika tsiku lodziwika kuti atulutse ndalama zomaliza. Makontrakitala aang'ono amaloza kalendala: mwini malo ali ndi masiku 45 otulutsira retention, wamkulu ali ndi ena 10, pomwe notice of completion ikhoza kutseka nthawi ya lien ya wamng'ono retention yakeyo isanafike n'komwe tsiku lolipiridwa. Kodi alembetse lien pa ndalama zomwe sizinachedwe, n'kukhumudwitsa amene amamupatsa ntchito, kapena adikire n'kutsala wopanda chikole?